Chitsulo Chimene Che Saidi Anakana Kundigulitsa

Moni nonse amene mumandiwerenga pano, a mpingo wathu ndi a mipingo ina, ngakhalenso inu amene mwangopatuka kudzamva nkhani. Mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Lero ndabwera ndi umboni wa momwe umphawi unatsala pang'ono kundilanda mkazi ndi ana, ndi momwe Mulungu anandisungira banja kudzera m'galimoto yakufa.

Koma ndiyambe ndadzitama kaye, poti ndi momwe ndinalili. Kuchokera kwathu ku Chipoka mpaka madoko onse a Salima, panalibe wondiposa pa kunenerera mtengo. Pa doko ankanditcha Tsitsaniko, ndipo ana ambiri sankadziwa kuti ndili ndi dzina lina. Ndinkanena poyera kuti palibe chinthu pansi pano chimene sindingachigule pa mtengo wanga, ndipo wogulitsa woti andigonjetse sanabadwe. Ngakhale dokotala wa mano anandichotsera mtengo, dzino lili kale m'manja mwake.

Ntchito yanga inali ya pakamwa. Asodzi akakocheza ndi usipa ndi utaka, ine ndinkaima pakati pa iwo ndi ogula ochokera ku Lilongwe. Kwa msodzi ndinkati nsomba zachuluka lero, kwa wogula ndinkati nyanja yauma, ndipo ine ndinkadyera pakatipo. Ndinalibe bwato, ndinalibe ukonde, koma ana anga ankamwa tiyi wa mkaka.

Kenako kunabwera mafoni ojambula aja. Asodzi anayamba kujambula nsomba akadali pamadzi, n'kutumiza chithunzi kwa wogula, mtengo n'kumvana bwato lisanagunde mchenga. Ine ndinkafika pa doko pakamwa pali chire, n'kupeza malonda atha kale. Ndinayesa kugulitsa makala, ndinayesa kaunjika, zonse zinandikana. Munthu wozolowera kutsitsa mtengo wa anzake, akakhala wogulitsa amavutika, chifukwa ndinkakumana ndi ophunzira anga omwe.

Mkazi wanga, amake Tadala, kwawo ndi ku Chitala. Ndinawatenga pa chitengwa, achibale awo atandilola kuti tikakhale kwathu kunyanja. Mwini mbumba ndi mlongo wawo wamkulu, alamu anga a Dikisoni, mlimi wa chimanga wosakonda mawu ambiri. Tsiku lina mvula itangoyamba anatulukira osatiuza, n'kupeza ana anga akudya mango aawisi ophika. Sanakalipe. Anadya nawo limodzi, anasamba m'manja, kenako anandiitanira kuseri kwa nyumba.

"Alamu, mlongo wangayu ndinakubwerekani, sindinakugulitseni," anatero. "Kwathu nkhokwe ilipo. Khirisimasi ikadutsa ndidzabwera kudzawatenga, ndi ana omwe."

Mukudziwa chimene ndinachita? Ndinanenerera. Ndinawachonderera, ndinawaseketsa, ndinawakumbutsa nsomba zonse zimene ndinawatumizira zaka za bwino, mpaka anavomera kudikira kuti mvula ithe, chilumba cha Mbenji chitsegulidwe, asodzi abwerere kukapha nsomba. Ndikadzakhala ndilibe chogwira pofika nthawi imeneyo, nyumba yanga idzatsala ndi ine ndi mphasa.

Kuseri kwa nyumba ya mayi anga kunali pikapu ya malemu bambo, a Layisoni. Yobiriwira, ya mphuno yozungulira, yakale kuposa ine. Ndi imene inatilera, ikunyamula nsomba kuchokera m'madoko kupita m'misika ya kumtunda, ndipo ndi momwe ndinaphunzirira chiwongolero. Bambo atamwalira, abale awo anabwera kudzagawana katundu. Ananyamula bedi, makina osokera, wailesi, ngakhale mpando umene mayi anakhalira. Galimotoyo anaikankha uku ndi uku tsiku lonse, koma sinatsokomole n'komwe. Anangochotsa matayala ndi batire, n'kuisiya pa njerwa. Kuyambira pamenepo inali khola la nkhuku za mayi.

Ndinaiyang'ana tsiku lina n'kuganiza kuti foni ingathe kutumiza chithunzi cha usipa, koma usipa weniweniwo sungalowe m'foni. Ukufunika woutenga. Ndikadzutsa galimoto iyi, ndadzutsa nyumba yanga.

Ndinakatenga a Fulaye, makaniko wogwirira ntchito pansi pa mtengo ku tauni ya Salima, mnzanga wa bawo. Tinathamangitsa nkhuku, tinafukiza mavu amene anamanga m'ekizozi, tinatulutsa chisa cha makoswe. Injini tinaikweza ndi tcheni pa nthambi ya mango n'kuitsitsira pa mphasa. A Fulaye anadabwa kuona kuti m'masilinda munali mopakidwa girisi bwinobwino, dzimbiri silinalowe. Koma atatsegula chipoto cha oilo cha pansi, anaseka.

"Achimwene, galimoto yanuyi ilibe msana."

Munalibe kilankishafiti. Kwa inu osadziwa, ndi chitsulo cholemera chokhotakhota chimene mapisitoni amapalasa, monga miyendo ipalasira njinga. Popanda icho injini ndi mbiya chabe. Ndinakwera minibasi kupita ku Lilongwe, ndinazungulira onse ogulitsa zipangizo zakale. Anyamata a kumeneko ankati ndikatchula mtundu wa galimotoyo, amaitana anzawo kuti adzamve nawo. Wina anandiuza kuti ndikafunse kumanda.

Amene anakumbuka ndi mayi. Anati bambo atayamba kudwala anabwera ndi makaniko wina, n'kutulutsa chitsulo cholemera m'galimotomo. Bambowo ananena kuti akukapatsa mnzawo wakale, Che Saidi, msodzi wa pa doko loyang'anana ndi Mbenji, kuti akachite nangula wa bwato. Abale anga, ndinakwiyira munthu wakufa. Chitsulo chosowa dziko lonse, bambo n'kukachiponya m'nyanja! A Fulaye anandilimbitsa mtima kuti ngati dzimbiri silinadye kwambiri, a makina angathe kuchipala n'kugwiranso ntchito.

Apa ndi pamene nzeru zanga zinandiponya m'dzenje. Lamulo loyamba la wonenerera ndi lakuti usaonetse kuti chinthucho ukuchifuna. Lachiwiri, usanene kuti ndiwe yani. Ndinkadziwa kuti ndikangoti ndine mwana wa a Layisoni ndipo moyo wa banja langa uli pa chitsulocho, mtengo ukwera kuposa mlongoti wa foni. Choncho ndinabwereka ovolosi yakuda ndi oilo kwa a Fulaye, ndinabwereka sikelo yokoleka, n'kupita ngati wogula zitsulo zakutha.

Che Saidi ndinawapeza pansi pa mtengo akusoka ukonde. Nkhalamba yowonda, ya ndevu zoyera, kofiya kumutu. Anandilandira bwino, anandipatsa mpando, akazi awo anabweretsa tiyi. Nditanena ntchito yanga, anatuma kuti asonkhanitse makasu akutha, mbaula yobooka ndi theka la njinga. Ndinayeza zonsezo ndi nkhope ya ntchito, ndipo ndinagula, poti wogula zitsulo sangakane zitsulo. Pomaliza ndinafunsa ngati munthu wongokumbukira, kuti kodi nangula wakale mulibe.

"Chitsulo chilipo, bwana," anayankha. "Koma si chogulitsa."

M'makutu a wonenerera, mawu amenewo ndi nyimbo. Aliyense amayamba choncho. Ndinachinyoza chitsulocho ndisanachione, kuti zitsulo za m'madzi zimakhala zowola, ndikungofuna kuwathandiza kuchotsa zinyalala. Anangogwedeza mutu. Ndinagwiritsa chida changa chachikulu, chonyamuka n'kumapita pang'onopang'ono kuti akuitane. Ndinayenda, makasu ali pamutu, mpaka pa mlambe wa kumsewu. Palibe anandiitana. Nditacheuka ndinaona mkuluyo akusokabe ukonde wake.

Ndinabwereranso, ndipo ndinabwereranso. Ndinakweza mtengo. Ndinalonjeza kuwawotcherera nangula weniweni wa mano anayi. Ndinatchula mbuzi imene ndinalibe. Ndinaika foni yanga pa mphasa. Nthawi zonse tiyi ankabwera, nthawi zonse yankho linali lomwelo, ndipo nthawi zonse ndikamatsanzika ankandifunsa funso limodzi.

"Mwati kwanu ndi kuti, bwana wa zitsulo?"

"Ku Kasungu."

"Oho, ku Kasungu. Muyende bwino. Inshallah tidzaonana."

Ndinkabwerera ndikutukwana mumtima kuti nkhalamba iyi ndi katswiri, ikudikira mtengo ufike kumwamba. Ndinkailemekeza ndithu, monga mbava ilemekezera loko wabwino.

Kunyumba ntchito inkapitirira. Ndinagulitsa njinga yanga n'kugula maringi, mabeyaringi ndi gasiketi. Tinatsuka chilichonse ndi palafini mpaka zala zinasupuka. A Fulaye anapera mavavu ndi dzanja, anatsuka kabuleta ndi mswachi wakutha, ndipo matayala ndi batire tinapeza zogwirapo kale ntchito. Zipangizo zonse zinagona pa mphasa m'chipinda cha mayi, zoyera, zofoleredwa ndi chitenje, zikudikira chitsulo chimodzi. Anthu odutsa ankafunsa mayi kuti maliro a injiniwo ndi liti.

Ndi Mulungunso ndinkachita chimodzimodzi. Mapemphero anga anali a pa msika. Ndinkati, Ambuye, mukandipatsa chitsulochi ndigula benchi ya m'tchalitchi. Kukakhala zii, ndinkawonjezera malata awiri. Kenako ndinalonjeza kusiya bawo Lamulungu. Ndinafika mpaka ponena kuti ndilowa kwaya, ine amene mawu anga amathawitsa akhwangwala. Kumwamba kunali ngati kwa Che Saidi: kondilandira bwino, koma kosagulitsa.

Mvula inatha. Mabwato anayamba kulowera ku Mbenji. Alamu anatumiza uthenga kuti abwera Loweruka. Amake Tadala sanandinyoze, ndipo zikanakhala bwino akanandinyoza. Anangoyamba kutsuka mapoto n'kumawaika m'dengu, kupinda zovala za ana, kufunsa kusukulu za kalata yosamukira. Tadala, mwana wanga wamkazi woyamba, anandifunsa ngati ku Chitala kuli malo anga ogona. Ndinamuyankha nthabwala, koma ndinatuluka msanga kuti asaone nkhope yanga. Ndinkakhala m'galimoto yopanda injiniyo, manja pa chiwongolero, ngati wamisala.

Lachinayi amake Tadala anandipeza momwemo. Anatsamira pa chitseko n'kundifunsa modekha.

"Abambo a Tadala, kodi mkulu wa kunyanjayo akudziwa kuti ndinu mwana wa yani?"

"Mukufuna mtengo ukwere?"

"Mtengo wake uti, poti mulibe n'chogulira chomwe?"

Masana omwewo ndinalowa m'tchalitchi muli mbee, ndinagwada, ndipo kwa nthawi yoyamba sindinatchule benchi kapena malata. Ndinati, Ambuye, katundu wandithera. Ndilibe chokupatsani, ndipo zija ndinkalonjeza ndinalibenso. Ana anga akupita. Ndithandizeni chabe. Sindinamve mawu ochokera kumwamba, sindinaone kuwala. Koma ndinadzuka mtima uli wopepuka, ngati munthu amene watula mtolo wa makasu akutha. Pofika kunyumba ndinapeza amake Tadala agulitsa nkhuku yawo kuti ndipeze yokwerera.

Lachisanu ndinapita wopanda ovolosi, wopanda sikelo. Ndinadikira mpaka Che Saidi atatuluka ku mzikiti. Atandipatsa mpando ndinaukana, ndinakhala pansi pa mchenga.

"Che Saidi, ndakhala ndikukunamizani. Sindine wa ku Kasungu, ndipo zitsulo sindigula. Ndine mwana wa malemu a Layisoni a ku Chipoka. Ndikufuna kudzutsa galimoto yawo. Mawa alamu anga akubwera kudzatenga mkazi wanga ndi ana. Ndilibe chokupatsani."

Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola, mpaka akazi awo anatuluka kudzaona.

"Alhamdulillah, wafika tsopano! Iwe, makutu amenewo ukanawabisa kuti? Tsiku loyamba lija ndinaona Layisoni akubwera atavala ovolosi."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ndinene chiyani? Ichi ndi amana, mwana wanga, chinthu chosungitsa. Bambo ako anati abale anga akadzabwera kudzagawana chuma, galimoto yoyenda adzaitenga, yakufa adzaisiya. Anati sunga, udzapatse mwana wanga akadzabwera. Tsono mwana wa Layisoni sankabwera. Kunkabwera munthu wa ku Kasungu. Ndikanapatsa wa ku Kasungu, tsiku la kiyama, la chiweruzo, ndikanamuyankha chiyani mnzanga?"

Analowa m'nyumba, ndipo ndinamva chinthu chikukokedwa kuchokera pansi pa bedi. Chinali chokulungidwa m'masaka atatu. Titamasula, chitsulocho chinali chonyezimira, chonona ndi girisi, chopanda ngakhale kadontho ka dzimbiri. Madzi a m'nyanja sichinawalawe n'kamodzi komwe. Za nangula zija bambo anangopeka kuti abale awo asachilondole. Che Saidi anati chaka chilichonse mwezi wa kusala ukatha, ankachitulutsa, kuchipukuta, n'kuchipakanso girisi watsopano. Zaka zonsezo, chifukwa cha mawu amene anapatsana ndi munthu amene sakanabweranso kudzafunsa.

Ndinalira, abale, bambo wamkulu ndi ndevu zanga. Nditapukuta misozi ndinafunsa chifukwa chake bambo sanandiuze ine mwini.

"Anati ukadziwa msanga udzachigulitsa."

Bambo anga ankandidziwa.

Loweruka alamu anafika m'mawa n'kupeza ine ndi a Fulaye tili oilo yekhayekha, chitsulo chili m'malo mwake, tikumanga mabawuti. Madengu a amake Tadala anali kale pakhonde. Lilime langa linayamba kuyabwa kuti ndinenerere sabata ina, koma ndinaligwira. Ndinawauza zonse monga zinalili, za ovolosi, za ku Kasungu, za masaka atatu. Ndinati injini sithera lero, ndipo sindikudziwa ngati ilira. Mukawatenga, muli pa chilungamo.

A Dikisoni anayang'ana madengu, anayang'ana injini, anayang'ana mlongo wawo. Kenako anavula jekete n'kulikoleka pa mango.

"Ndigwire pati?"

Anagona kwathu mpaka ntchito inatha. Ndi iwo anakoka tcheni pokweza injini, mikono ya khasu ija, ife tikulunjika kuti ikhale pa mipando yake. Tinalumikiza mawaya, tinathira oilo ndi madzi, tinathira petulo pang'ono m'kabuleta. Batire linali lofooka, choncho tinaitana aliyense wa miyendo kuti akankhe. Ulendo woyamba inangoti gwede gwede n'kuima. Wachiwiri inaphulitsa ngati mfuti, agalu onse n'kuthawa. Alamu anali thukuta kamukamu, akukalipa kuti kankhani ngati mwadya. Titafika potsetsereka popita ku njanji ndinachotsa phazi pa kilatchi, ndipo inatsokomola, inatsokomolanso, kenako inalira. Utsi unadzaza mudzi wonse. Mayi anga anatuluka akululuta, kenako anangokhala pansi n'kuphimba nkhope ndi chitenje, poti kulira kwake kunali komwe kuja kumene ankakumva kale bambo akamafika.

Ulendo woyamba wautali, mapepala a pamsewu atakonzeka, unali wopita ku Chitala ndi usipa wouma. Pobwerera amake Tadala anakhala kutsogolo, ana kumbuyo pamwamba pa thumba la chimanga limene alamu anatikwezera. Madengu aja anamasulidwa, mapoto anabwerera pa thandala. Lero pikapu ya a Layisoni imayenda m'madoko ndi m'misika ya kumtunda. Siithamanga, chitseko cha kumanzere timamanga ndi chingwe, ikakwera chitunda imafuna kuipempherera. Koma ana anga ali pakhomo panga.

Ndikuthokoza Mulungu amene anayankha pemphero langa ndisanalipemphere, zaka zambiri m'mbuyomo, n'kulisungitsa pansi pa bedi la Msilamu. Ndikuthokoza amake Tadala, a Fulaye, ndi alamu anga amene anavula jekete. Inu amene muli pa mayesero lero, ntchito yatha, banja likugwedezeka, musataye mtima. Mwina thandizo lanu lilipo kale, lokulungidwa bwinobwino, likungodikira kuti mufike ndi nkhope yanu yeniyeni. Gogodanibe, koma pogogodapo nenani dzina lanu.

Tsono pali nkhani imodzi imene ine ndi a Fulaye timakangana mpaka lero. Ine ndimati ndinapambana, chifukwa chitsulo chosowa dziko lonse ndinachitenga ulere, mtengo umene sindinaufikepo pa moyo wanga wonse. Koma taonani izi. Ndikafika pa doko lija, nsomba zoyamba kukwera ndi za Che Saidi, ndipo salipira. Akazi awo akafuna kuchipatala, ndine. Mbuzi ya pa Idi, ndine. Ukwati wa mdzukulu wawo ndinanyamula anthu maulendo osawerengeka, ndi ng'oma zomwe. Sanandipemphepo n'kamodzi komwe, miyendo yanga imangondipititsa yokha. Tsiku lina ndinayesa kutchula mwaulemu kuti petulo wakwera, iwo anangomwetulira n'kuitanitsa tiyi.

Nkhalamba imene sinatchulepo mtengo inapeza galimoto ndi dalaivala wa moyo wonse. Ine katswiri wa kunenerera ndinapeza chitsulo chimene chinali changa kale. Inu amene mwawerenga mpaka pano, tandiuzani mosakondera: pa malonda amenewa anapambana ndani?